Mchenga wa M'kati mwa Paipi

Asibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ankakazinga mchenga ngati mtedza. Ankakautapa kunyanja, chakumtunda kumene mafunde safika, n'kuusefa, kenaka n'kuuthira m'chiwaya pa mbaula ndi kumautakasa ndi kathabwa mpaka utasiya kufuka nthunzi. Anthu odutsa pamsewu wopita ku jete ankawaseka. "Adada, ndiwo zavuta kodi?" Iwo ankangogwedeza mutu, maso ali m'chiwaya.

Ntchito yawo inali ya mipope. Ku Chilumba kwathu, pa nthawi imene ndinali mnyamata, pulamba akasowa elibo sankangolowa m'sitolo n'kutola. Nthawi zina ku Uliwa inkapezeka, nthawi zina ayi, ndipo zikatero unkadikira munthu wopita ku Karonga kapena wokwera mapiri a Chiweta kulowera ku Mzuzu. Choncho paipi yowongoka ikafika pangodya ya nyumba, mwini ntchito ankasankha chimodzi: kudikira, kapena kuipinda. Asibweni ankaipinda.

Kusukulu tinkamva mwambi wakuti kuwongola mtengo mpoyamba. Aphunzitsi ankaunena kawirikawiri, ndipo ndikakumbuka bwino, ankaunena ali ndi kamtengo m'manja. Mwambiwu ndi woona ndipo sindikufuna kuunyoza. Aliyense amene anadzalako mtengo wa mango kapena wa bulugamu akudziwa kuti mphukira imamvera chingwe ndi chikhomo, pamene tsinde la zaka khumi limangokuyang'ana. Koma mwambiwu uli ndi kumbuyo kwake, kumene akulu amatembenuzira akatopa ndi munthu. "Musiyeni ameneyo, anauma kale." Akatero amasamba m'manja, ndipo mwambi umene unabadwira kusamala ana umasanduka chikwanje chodulira akuluakulu. Ine ndinakula ndikumva mwambiwo m'mawa, masana n'kumaona asibweni akupinda chinthu chouma gwa, chimene sichinakhalepo chanthete chichokereni kufakitale.

Ankachita motere. Ankatseka mbali imodzi ya paipi ndi chitsononkho chokulunga m'kansanza, n'kuiimika chilili. Ine ntchito yanga inali kuthira mchenga ndi kapu, iwo n'kumagogoda paipiyo ndi mpini wa hamala kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kuti mchengawo ukhazikike. Ukaganiza kuti yadzaza, ankagogodanso, mchenga n'kutsika, iwe n'kuwonjezera. Izi zinkanditopetsa kuposa china chilichonse. Akakhutira ankatseka mbali inayo, n'kulemba ndi khala mizere iwiri yosonyeza pomwe paipi iyambire kukhota ndi pomwe ilekezere. Ndiye pankabwera moto, koma osati lawi. Ankadikira makala atayaka n'kuvala phulusa loyera, ndipo paipi ankaigwira m'mwamba ndithu, akuizunguza ngati chimanga chowotcha, uku akuiyendetsa kuchoka pa mzere uwu kufika pa mzere uwo. Kawirikawiri ankaichotsa n'kuidina ndi chala. Ikayamba kulendewera yokha ngati nsomba yongofa kumene, ankathamanga nayo pa thunthu la mtengo limene anali atasankhiratu, n'kuizungulitsa pang'onopang'ono, ndipo ine ndinkaipukuta ndi chiguduli chonyowa kufikira itagwira.

Tsiku lina ali kumaliro ndinafuna kuonetsa anzanga kuti nanenso ndine mmisiri. Za mchenga ndinaziona ngati zotaya nthawi. Ndinaika paipi pa lawi, mbali imodzi inada n'kutulutsa utsi woswa mphuno, ina ikadali yozizira, ndipo nditaikakamiza pabondo inangopindika ngati phesi la udzu, n'kuphwatalala pakati. Asibweni atabwera sanandimenye. Anatenga paipiyo, n'kundipatsa kapu ya madzi. "Thira, mphwanga." Ndinathira. Kunsi kunangotuluka timadontho. "Yapindika, eti?" anatero. "Nanga madzi adutsa pati?" Kenaka anawonjezera mwambi wina, wakuti fupa lokakamiza limaswa mphika, n'kundituma kukatapa mchenga.

Ndinadzamvetsa nditakula chimene chimachitika pamenepo. Paipi ikamakhota, khoma lakunja kwa khonde lake limatamuka n'kupyapyala, pamene lam'kati limapanikizana n'kufuna kuchita makwinya. Zonse ziwiri zimakankhira pakati, pamene pali mphako, ndipo ngati m'mphakomo mulibe choziletsa, makoma awiriwo amakumana. Mchenga sumapinda paipi, ntchito yake ndi kukana kuti mphako itsekeke. Umasunganso kutentha n'kukugawa mofanana. Uyenera kukhala wouma chifukwa wonyowa umatulutsa nthunzi, ndipo nthunzi yotsekeredwa mbali zonse ziwiri imafuna potulukira. Amagetsi amachita zomwezo ndi timapaipi tawo ta mawaya, kungoti iwo amalowetsamo sipuling'i yachitsulo m'malo mwa mchenga. Ndipo khonde likamakhala lalikulu, lozungulira patali, paipi imavutika pang'ono. Asibweni sankafuna ngodya yakuthwa. Ankati madzi sakonda kudzidzimutsidwa.

Mapaipi amenewa, a PVC, ndi amene anafikitsa madzi m'midzi yambiri ya dziko lino. Kale mipope inali yachitsulo, yolemera, yofuna zida zodulira mazinga. Ku Khondowe, pamwamba pa phiri limene timaliona tikakhala chakummwera kwa Chilumba, amishoni a Livingstonia anakoka madzi a m'mipope kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo chitsulo chonsecho chinachokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Koma mu 1968, ku Chingale m'boma la Zomba, anthu a m'midzi anayamba kukumba okha ngalande zotsitsira madzi kuchokera m'phiri popanda injini, ndipo njira imeneyo inafalikira m'maboma ambiri chifukwa paipi yapulasitiki ndi yopepuka, mayi amatha kuisenza pamutu, ndipo imalumikizidwa ndi guluu basi. Ngakhale mjigo wa Afridev, umene mbiri yake inayambira kuno ku Malawi, madzi ake amakwera m'paipi ya PVC. Ndi pulasitiki yofatsa: imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 80, madzi asanawire n'komwe. Choipa chake ndi utsi. Ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi wowononga m'chifuwa, n'chifukwa chake asibweni sankaiwamba m'nyumba, ndiponso ankaima kumene kukuchokera mphepo. Kunyanja kuno mphepo sisowa, makamaka mwera ukayamba.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro lonse ndi limeneli: chouma chimapindika, bola moto ukhale wofatsa ndipo m'kati mukhale chochirikiza. Ndinkalinena monyadira pocheza, ngati munthu amene wagonjetsa mwambi wa makolo. Chinandichotsa matama ndi paipi ina imene inabwera kuchokera ku Joni.

Msuweni wanga, mwana wa asibweni omwewa, anapita ku South Africa monga amachitira anyamata ambiri a kumpoto kuno. Ankagwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za anthu, ndipo chaka ndi chaka ankatumiza katundu kudzera kwa oyendetsa magalimoto a pamsewu wa Joni: malata, zitseko, thanki yamadzi, ngakhale timisomali. Ankamanga nyumba kumudzi. M'katundu wina munali mapaipi awiri oonekera m'kati ngati galasi. Pafoni anafotokoza kuti ndi oika pambali pa thanki, kuti munthu aziona pamene madzi alekezera osakwera makwerero. Asibweni anawasunga kudenga. Mu April 2015 kunabuka ziwawa zothamangitsa anthu obwera ku Durban ndi madera ena, boma lathu linatumiza mabasi okatenga Amalawi, ndipo msuweni wanga anafika kwawo ndi kachikwama kamodzi. Anali wonenepa bwino, wovala bwino, woseka ndi aliyense. Za zimene anaona kumeneko sanakambe, nafenso sitinafunse.

Paipi yoonekerayo inali ya polycarbonate. Dzinali n'lachilendo koma chinthucho tonse timachidziwa. Ndicho chimene anapangira ma CD amene tinkamvera nyimbo, ndicho chimaphimba nyale zakutsogolo za minibasi, zija zimachita chikasu zikakalamba padzuwa, ndicho chili m'magalasi ambiri a maso ndi pa zipewa za anjinga zamoto. Anthu awiri anachitulukira m'chaka chimodzi, 1953, osadziwana: Hermann Schnell wa kampani ya Bayer ku Germany, ndi Daniel Fox wa General Electric ku America. Kulimba kwake n'kodabwitsa. Ukachimenya ndi hamala chimangonjanja pamene galasi likanamwazika. Asibweni anachikonda atangochigwira. Anachigogoda pamwala, n'kumwetulira.

Panafunika khonde limodzi lokha, kumunsi, pamene paipi imachoka m'thanki n'kuloza kumwamba. Anakazinga mchenga monga mwa nthawi zonse. Anadzaza, anagogoda, anatseka, anadikira makala. Paipi sinamve kanthu. Kutentha kumene PVC ikanakhala italendewera kale, iyi inali chiumire, pakuti polycarbonate siyamba kufewa mpaka madigiri atayandikira 150. Anaitsitsa pafupi ndi makala. Ndipo itangoyamba kugonja, m'kati mwa khoma lake loyera lija munatuluka timatuza, poyamba tiwiri titatu, kenaka tambirimbiri, mpaka pakhonde ponse panachita mbuu ngati thovu la mowa. Osati kunja kumene kunali moto, osatinso m'mphako mmene munali mchenga, koma m'mnofu weniweni wa paipiyo. Asibweni anaiyang'ana nthawi yaitali. "Mchenga unali wouma," anatero, ngati akudziteteza pabwalo la milandu.

Unali woumadi. Chonyowa chinali paipi. Polycarbonate imamwa chinyezi cha mumpweya, pang'ono kwambiri moti sungachione kapena kuchimva m'manja, ndipo paipi ija inali itagona kudenga m'mphepete mwa nyanja nyengo zamvula zingapo. Ikatenthedwa msanga kufika pofewa, madzi obisikawo amasanduka nthunzi ali m'kati mwa khoma, ndipo poti khomalo lafewa, amalitukumula. Amisiri a m'mafakitale amadziwa zimenezi, choncho asanaipinde amayamba aiumika mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa maola ambiri, ndipo ikakhala yochindikala maolawo amachulukanso. Kutentha kumeneko sikupinda kanthu. Ukasuzumira umangoona paipi itagona, ngati palibe chikuchitika. M'kati mwake amalowetsamo chingwe cha silikoni m'malo mwa mchenga, poti mchenga umasiya zipsera pa chinthu choonekera. Akamaliza saithira madzi ozizira monga tinkachitira ndi chiguduli chathu, amaisiya izizire yokha, apo ayi imasunga ukali m'kati n'kudzang'aluka tsiku lina popanda woigunda. Ndipo chinthu cholimba chonchi, chosaopa hamala, chimagonja ndi timadontho ta petulo kapena thina, timene timachilowa pamene chinapanikizika n'kuchiwaza timing'alu.

Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu timaunena potsutsa munthu wachinyengo, wokongola kunja koma woipa mumtima. Paipi ija sinali yachinyengo. Inali yoonekera kuposa paipi iliyonse imene asibweni anaigwirapo, ungathe kuwerenga nyuzipepala kudzera m'kati mwake, komabe inali itasenza madzi amene maso sakanawaona. Sinabise kanthu. Inangomwa zimene zinali mumpweya wa kumene inakhala.

Pa miyezi yomweyo tonse tinali titamuzungulira msuweni wanga ndi mbaula zathu. Azakhali ankafuna akwatire chaka chisanathe. Asibweni ankafuna atenge munda wa mpunga ku Hara. Akumpingo ankafuna alowe kwaya, ine ndinkamuumiriza kuti agule bwato ndi chilimira ayambe za usipa. Aliyense wa ife anali ndi thunthu lake loti amuzungulitsepo, ndipo sindinganene kuti tinalibe chikondi. Mchenga tinathiramo ndithu: chakudya, pogona, ndalama zapamanja. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala naye pansi madzulo ambirimbiri osamufunsa za mawa. Pofika nyengo yozizira anali atayamba kugona kumabala a ku Uliwa, ndipo usiku wina anathyola chitseko cha nyumba yake yomwe, chija anatumiza yekha, chifukwa anamva anthu akuyankhula panja. Anali asodzi ochokera kunyanja. M'mawa mwake ndinamva wachibale wina akunena mawu aja, akuti kuwongola mtengo mpoyamba, mwana uyu anaonongekera ku Joni.

Pano ndipatuke pang'ono. Chilumba, imene azungu ankaitcha Deep Bay, imadziwika ndi doko, pothera ulendo wakumpoto wa sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Koma m'mabuku a zachipatala dzina la dera lino linalowa chifukwa cha khate. Mu 1979 bungwe la LEPRA linayambitsa kuno kafukufuku wa matendawa, ogwira ntchito ake n'kumayenda khomo ndi khomo m'boma lonse la Karonga kuyeza anthu khungu. Pambuyo pake ntchitoyo inatchedwa Karonga Prevention Study, ndipo lero ili m'manja mwa MEIRU. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 a m'boma lino analowa m'kafukufuku wa katemera, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 1996, zinaonetsa kuti kubwereza katemera wa BCG kumachepetsa khate ndi pafupifupi theka, ngakhale kuti sikunathandize pa chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Ife ana tinkangoona magalimoto ndi anthu onyamula mafayilo.

Chimene ndinachiona ndi maso anga ndi agogo ena oyandikana nafe, amene mankhwala anawachiza khate koma anawapeza mitsempha ya m'manja itaonongeka kale. Zala zawo zinali zokhota ngati akufumbata kanthu. M'mawa uliwonse ankaviika manja m'beseni la madzi, n'kuwapaka mafuta, kenaka n'kuika dzanja pantchafu ndi kumawongola chala chimodzichimodzi ndi dzanja linalo, monga anawaphunzitsira achipatala. Anali ndi zaka zoposa za amayi anga kuwirikiza. Zalazo sizinawongoke n'kukhala ngati zakale, koma sizinaumiretu, ndipo ankatha kugwira chipande ndi kusenda chinangwa cha kondowole. Mdani wawo wamkulu anali moto. Manja anali adzanzi, choncho ankatha kugwira mphika wotentha osamva, n'kudzazindikira ataona matuza. Ankaphula mphika ndi nsanza zochindikala, ndipo ankayang'ana manja awo madzulo alionse ngati mmene mayi amayang'anira mwana wakhanda.

Ndimawakumbuka agogowo ndikaganiza za chala cha asibweni chimene chinkadina paipi pamoto. Luso lawo lonse linali m'chala chimenecho, chomva kuti apa pafewa, apa sipanafike, apa pakufuna kupserera. Dzanzi la agogo aja linkapweteka iwo eni. Koma lilipo dzanzi lina limene limapweteka amene wagwiridwayo, ndipo ndi limene tinali nalo ife pa msuweni wanga. Tinkadziwa kupinda mtundu umodzi wokha wa munthu, uja timamudziwa, wofewa msanga, amene ukamukalipira lero mawa wasintha. Atabwera wina amene anamwa chinyezi cha kwina, tinangotsitsa paipi pafupi ndi makala.

Pali chinanso chimene pulasitiki imachita chimene chimandisowetsa mtendere. Paipi imene unaipinda bwinobwino, ukaitenthetsanso n'kuisiya, imayamba kubwerera yokha kumene inachokera. Madzi saiwala khwawa. Asibweni ankadziwa izi, n'chifukwa chake paipi yopinda sankaisiya pamtetete padzuwa la mwezi wa October, ankaikwirira kapena kuimanga ndi zomangira kukhoma. Sindidziwa ngati izi zikuikira kumbuyo mwambi wa mtengo uja kapena zikuutsutsa. Mwina eni mwambi ankadziwa kuti chopindidwa chitakula chimafuna wochiyang'anira moyo wake wonse, ndipo anaona kuti anthu ofuna ntchito yotero ndi ochepa.

Paipi yachiwiri inakhala kudenga pafupifupi chaka. Amene anaitsitsa ndi msuweni wanga mwiniwake, tsiku lina ali bwinobwino. Anati kumene ankagwira ntchito anaonapo mzungu wake akuika chinthu chotere mu uvuni wa m'khitchini usiku wonse, mkazi wake akudandaula. Ife uvuni wamagetsi tinalibe. Koma kuseri kwa msika kunali mayi wina wophika masikono mu uvuni wa njerwa, ndipo akaphula, njerwazo zinkasunga kutentha mpaka usiku. Anadula chidutswa chofunika kupinda, chachifupi, choti adzachilumikize ndi chotsalacho, ndipo bambo ndi mwana ananyamuka nacho madzulo. Asibweni analowetsa dzanja mu uvunimo, n'kulitulutsa, n'kunena kuti adikire kaye. Anadikira. Atalowetsanso dzanja kachitatu anavomera, n'kugoneka paipiyo pa timatabwa kuti isakhudze njerwa.

Anakhala panja pa uvuniwo mpaka nyali za asodzi zitadzaza panyanja. Ine ndinawapititsira tiyi m'fulasiki ndipo ndinawapeza atakhala pa benchi limodzi, osayang'anana, onse maso ali kunyanja. Msuweni wanga ndi amene ankayankhula, motsitsa mawu, m'Chitumbuka cha kwathu, ndipo nditayandikira analeka. Asibweni anandilandira fulasiki. "Yewo, mphwanga. Pita ukagone." Anapita ku uvuniko madzulo atatu otsatizana, ngakhale ndikukayika ngati paipiyo inkafunikadi masiku onsewo.

Anaiwamba pa makala n'kuipinda m'mawa wa tsiku lachinayi, ikadali yofunda, mwana atagwira mbali imodzi, bambo mbali ina. M'malo mwa mchenga analowetsamo chingwe cha labala cholimba chimene anachipaka sopo. Sinatuluke bwino kwenikweni. Pakhonde panatuluka timatuza tisanu kapena tisanu n'kamodzi, ndipo mbali yakunja inaphwatalala pang'ono. Sanaithire madzi. Anaisiya pathunthu pomwepo, atamangirira ndi luzi, mpaka dzuwa litapendeka.

Thankiyo ilipobe, paphaka la njerwa kuseri kwa nyumba ya msuweni wanga. Paipi yachita chikasu tsopano, ndipo m'kati mwamera ndere moti amaitsuka ndi kansanza komanga kuwaya. Asibweni anatisiya. Msuweni wanga masiku ena amakhala bwino, masiku ena ayi. Ndikapita kwawo ndimamupeza m'mawa ataima pansi pa thanki, kapu ya tiyi ili m'manja, akuyang'ana pamene madzi alekezera, kenaka amakuwira mkazi wake kuti lero achape, madzi alipo.